Uthenga wa Maliro pa Nyumba Yobisika

Foni inalira ndikupukuta mame pa njinga yamoto, tiyi ndisanamwe n'komwe.

"Sajeni, Rozina kulibe."

Anali amayi Jenifa, amene amayang'anira nyumba yobisalamo amayi othawa nkhanza, kuseri kwa Mtakataka. Mawu awo ankanjenjemera, ndipo amayi Jenifa si munthu wonjenjemera chisawawa. Anagwira unamwino zaka makumi atatu, magazi anawaona a mtundu uliwonse.

"Kulibe bwanji? Mwayang'ana kubafa?"

"Ndati kulibe. Bwerani msanga."

Ine ndine Sajeni Gertrude Chimphepo, wa ofesi yothandiza anthu ozunzidwa m'mabanja. Anthu amati ndine wolusa, ndipo mwina n'zoona. Koma inunso mutakhala zaka zisanu ndi zinayi mukulandira nkhope zotupa Lolemba lililonse, mano mungasiye kuonetsa pachabe.

Rozina ndinamupititsa ndekha kunyumba ija masabata atatu m'mbuyomo, mkono wamanzere uli m'chikhakha, pathupi pali pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake, Jailosi, anamuthyola ndi mpini wa khasu. Tinamumanga, anatuluka pa belo, ndipo potuluka ananena anthu akumva kuti mkazi wakeyo sadzaponda m'khoti ndi miyendo yake. Mlanduwo unali woti ulowe Lachinayi, naini koloko m'mawa. Tsiku limene foni inalirali linali Lachitatu.

Ndinaliza njinga mtima uli m'mwamba.

* * *

Nyumbayo inamangidwa ndi bungwe lina lakunja zaka ziwiri zapitazo. Ndinene chilungamo, anthu amenewa anatithandiza. Kale mkazi akathawa ndinkasowa pomuika, ndinkangomubwezera kwa ankhoswe n'kumapemphera. Bungweli linamanga mpanda wa njerwa, linaika geti, linapatsa mayi aliyense kafoni, ndipo ine linandipatsa njinga yamoto kuti ndizifika mkazi asanaphedwe m'malo mokafika pa maliro ake. Pakhoma la pabalaza anamatapo malamulo khumi ndi awiri. Loyamba, m'zilembo zikuluzikulu, linkati munthu wakunja asadziwe pamene pali nyumbayi.

Amayi Jenifa anandichingamira pageti, korona ili m'manja.

"Ndinapita ku Misa ya sikisi ngati masiku onse," anatero. "Geti ndinakhoma. Kiyi wina amakhala pamsomali m'kati, kuopa moto. Pobwera ndapeza geti lili pululu."

Loko sanathyoledwe. Pansi panalibe chizindikiro choti munthu anakokedwa. M'chipinda cha Rozina kafoni kake kanali pabedi, buku lake la kusikelo lili pansi pa pilo, sopo ndi mafuta zili pomwe zimakhala. Mayi woyembekezera amene waganiza yekha zochoka sasiya buku la kusikelo. Uyu anatuluka mutu usakugwira.

"Alipo anaona?"

Anandiitanira Sarah, mtsikana wa chipsera pachibwano amene amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Kunabwera wakabaza," anatero, maso ali pansi.

"Nthawi yanji?"

"Amayi atangotuluka. Anagogoda. Anati watumidwa kwa Rozina, mwana wa a Nangozo."

"Anatchula dzina?"

"Ndi la mayi ake lomwe."

"Kenako?"

"Anati a Nangozo atisiya. Anati maliro ndi lero lomwe, thupi silingadikire ndi kutenthaku. Rozina anangogwa pomwepo. Ndinamudzutsa, ndinati dikira amayi Jenifa abwere. Anati, ndidikire amayi anga akuikidwa? Anatenga mpango ndi chitenje, n'kutsegula."

"Iwe osamugwira?"

Apa Sarah anadzutsa mutu koyamba.

"Munthu mungamuletse kumaliro a mayi ake, Sajeni?"

Ndinaponya maso pa malamulo aja pakhoma. Khumi ndi awiri onse, za mafoni, za alendo, za zithunzi, koma panalibe ngakhale limodzi lonena zochita kukabwera uthenga wa maliro. Amene analemba aja mwina kwawo anthu safa.

"Njinga yake inali yotani?"

"Yofiira. Pampando anayalapo chikopa cha mbuzi."

Ndinaimbira mnzanga wa kuntchito, Kositebo Austin, kuti azungulire masiteji onse a kabaza kufunafuna chikopa cha mbuzi. Kenako ndinatembenukira kwa amayi Jenifa.

"Wakabaza anadziwa bwanji geti ili?"

"Ine sindinauze munthu aliyense wa kwa Jailosi," anatero, zala zikuyendayenda pa korona.

Yankho limenelo silinandikomere, koma nthawi yokumba panalibe. Ngati maliro analidi oona, ndiye kuti Jailosi monga mkamwini akapezeka pamenepo, ndipo Rozina akuyenda kupita m'manja mwake.

* * *

Kwawo kwa Rozina ndi kamudzi kena kumunsi kwa Mua, ukapatuka pamsewu wa tala n'kutsata fumbi. Nditayandikira ndinachepetsa liwiro, ndikuyang'ana nthambi zimene amayala pamsewu posonyeza kuti pano pali zovuta, kuti nditsike ndiziikankha njinga monga mwa ulemu. Ndinadutsa mjigo, nthambi panalibe. Ndinadutsa chigayo, panalibe. Pagolosale wailesi inkaimba mokweza, anyamata akusewera bawo.

Pakhomo pa a Nangozo panalibe mkeka, panalibe mpando, panalibe munthu wolira. Ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba ndipo ndinazungulira.

Malemuwo anali atakhala pamphasa, miyendo tambalale, akupeta mtedza.

* * *

"Ndafa ine?" A Nangozo anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Ndafa liti? Wandipha ndani? Ine amene ndalawirira kumjigo ndi ndowa ziwiri? Mulungu akanthe pakamwa pameneopo!"

Kenako ndinaona m'maso mwawo kuti nkhani yalowa. Lichero linagwa, mtedza unamwazika.

"Mwana wanga ali kuti? Si munati muli naye inu aboma? Si munati malo ake ngakhale ine mayi wake ndisadziwe? Mayo ine, mwana wanga!"

Kulirako kunatulutsa bambo wina m'nyumba yoyandikana nayo, wa imvi, atavala jekete kunja kukutentha choncho. Anali a Gidiyoni, mlongo wawo wa a Nangozo, mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinkawadziwa. Ndi amalume ake a Rozina, ndipo ndiwo nkhoswe ya banja lake. Tsiku limene tinamanga Jailosi anabwera kuofesi kudzandiuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo ine ndinawatulutsa.

"A Gidiyoni, kumene kumakhala Rozina mumakudziwa?"

Anakonza kolala kaye.

"Kudziwa ndimadziwa, Sajeni, ndipo ndikudziwa mwa njira yake. Amayi osunga nyumba aja anandipeza titatuluka m'tchalitchi, Lamulungu lapitali. Anati, bambo, mwana wa eni ake ndi wodwala pakati. Atati wadwala mwakayakaya, kapena kumudzi kwagwa zovuta, mudzatipeza bwanji? Ndipo analankhula ngati munthu woleredwa. Mwana wa mbumba sasungidwa mwini mbumba asakudziwa."

Ndiye zinali choncho. Amayi Jenifa sananame, sanauzedi wa kwa Jailosi.

"Inuyo munauza ndani?"

"Sindinauze munthu."

"Ganizani bwino."

"Ndati sindinauze munthu. Ndinangodziwitsa nkhoswe mnzanga wa kuchimuna, a Alufeyo."

"A Alufeyo ndi mtengo? Si munthu?"

"Musakweze mawu, Sajeni, ndine msinkhu wa bambo anu. Ankhoswe sabisirana. Tinamanga banjali tili awiri. Mwana akanabadwira uko, akuchimuna n'kumva kwa anthu odutsa, mlandu ukanakhala wa yani? Wanga. Komanso a Alufeyo ndi munthu wamkulu. Anandigwira dzanja kuti mnyamata uja samuuza."

"A Alufeyo ndi ndani wake Jailosi?"

"Amalume ake."

Anazimva okha zimene ananenazo. Pakamwa panatsala yasa. Ine ndinafuna kuwagwira jekete lija n'kuwagwedeza. Koma chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe woipa mtima pa anthu awiriwa. Amayi Jenifa anachita zaulemu, a Gidiyoni anachita zamwambo, ndipo mayi anga omwe akanachita chimodzimodzi. Mpanda wa njerwa uja unagwetsedwa ndi ulemu.

Foni inalira. Anali Austin.

"Ndamupeza wakabaza uja, Sajeni. Dzina lake Hopeson. Lankhulani naye."

"Madamu, madamu, ine ndisanayambe ndinene kuti ndine wabizinesi basi," anayamba mawu othamanga ngati njinga yake yomwe. "Ine kasitomala akandituma ndimapita. Kunja kukungoyera, pasiteji pafika mdala wina, wapemphera bwinobwino, akuti mwanawe, kwagwa zovuta, kandiuzire uthenga pageti lakutilakuti. Uthenga wa maliro umakana, madamu? Ngakhale mafuta akwere bwanji, sukana."

"Unamusiya kuti mayiyo?"

"Podutsa njanji paja, pamlambe, musanafike Golomoti. Mdala anati pamenepo pakhala wachibale wodziwa njira yachidule. Tafikadi, pali bambo ali ndi njinga yakapalasa, kapu yafika m'maso, pakamwa wavala masiki."

"Mayiyo anatani atamuona?"

Hopeson anatsitsa mawu.

"Anandigwira malaya, madamu. Anandigwira zolimba, akukuwa kuti mayo, mayo, musandisiye. Bamboyo akuti, pepani achimwene, mlamu wangayu chisoni chamusokoneza mutu, inu pitani. Anthu awiri atatu anadutsa, amuna anavula zipewa. Ine ndimati ndi kulira kwa maliro. Ndikanadziwa bwanji?"

Ndinatseka maso. Mkazi wovala mpango akulira panjira, wachibale akumugwira, ndani angaime kuti afunse? Jailosi anapeza njira yoti mkazi wake akuwe mmene angathere, anthu n'kumamupatukira mwaulemu.

"Inali nthawi yanji?"

"Hafu sikisi, mwina kupitirira pang'ono."

Ndinayang'ana wotchi. Inali itadutsa teni. Maola pafupifupi anayi ali m'manja mwa munthu amene analonjeza kuti mkaziyo sadzaponda m'khoti.

"Austin, kwerani njinga ya Hopesoniyo tikumane ku Bwanje, kumunda kwa Jailosi. A Gidiyoni, kwerani kumbuyoku."

"Ine? Pa njinga yoyendetsa munthu wamayi?"

"Kwerani, bambo!" anakuwa a Nangozo. "Pakamwa panu ndi pamene pagulitsa mwana wanga."

Anakwera.

* * *

Mpunga ku Bwanje unali utatulutsa ngala, minda ili biriwiri mpaka kumene maso amalekezera, anthu akukuwa uku ndi uku kuingitsa mbalame. Ndinkayembekeza kuti Jailosi wathawa. Ayi ndithu. Ndinamupeza ali m'madzi ofika m'akakolo, khasu paphewa, malaya ofiira, chipewa cha mlaza, akumwetulira ngati walandira alendo a ukwati.

"Takulandirani, bwana Sajeni. Apongozi, mwadzuka bwanji? Kwagwanji kuti muyende limodzi?"

"Rozina ali kuti?"

"Aa! Mukufunsa ine? Si inu munanditengera mkazi n'kukamubisa kwa azungu anu? Mwamutaya?"

"Hafu sikisi m'mawa uno unali kuti?"

"Pompano. Lero ndi tsiku la madzi la buloko yathu. Amatsegula sikisi, kutseka leveni. Ukaphonya udikira sabata yathunthu, mpunga uli ndi ngala chonchi. Munthu wanzeru angachoke? Funsani aliyense."

Ndinafunsa. Bambo wotsegula madzi anati anamuona sikisi koloko, ataima kumapeto kwa munda wake. Alimi awiri a kutsidya kwa ngalande anati anamuona m'mawa wonse, malaya ofiira aja sasowa. Austin anafika ndi Hopeson, ndipo Hopeson anamuyang'ana Jailosi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Msinkhu ndi womwewu, madamu, koma uja anavala malaya akuda. Kulumbira sindingalumbire."

Jailosi anaseka pang'ono n'kuyamba kukonza kamgula ndi khasu lake. Ine ndinasowa mtengo wogwira. Mboni zitatu, ndipo panalibe imene inkaoneka yogulidwa. Mwina anatuma munthu wina? Ndiye ndiyambire pati, dera lonseli kuchokera kunjanji mpaka kumapiri? Thukuta linkatsika m'msana, ndipo m'mutu mwanga munkangobwera mkono uja wa m'chikhakha.

"Eya! Mwachita bwino kubwera, apolisi!"

Kunali kukuwa kwa mayi wina wamfupi amene ankabwera m'kanjira ka pakati pa minda, chitenje chili m'mawondo, matope mpaka m'zigongono. Anati dzina lake ndi Chipiliro, munda wake ndi wogundana ndi wa Jailosi.

"Amene wakuitanani wachita bwino. Bwerani muone chimene wandichita munthu uyu. Mgula wanga wagumuka, feteleza yense wapita kwa eni ake!"

"Mayi, ife tabwerera nkhani ina."

"Inanso iti yoposa iyi? Madzi a anthu awiri alowa m'munda mwa munthu mmodzi! Iyeyu samatsegula khomo lake la madzi. Sikisi koloko, osatsegula. Seveni, osatsegula. Ine kukuwa, a Jailosi, tsegulani kwanuko, kuno kwadzadza! Iwo ali chiimire, andifulatira. Moni ndapereka katatu, osayankha. Ndinati mwano wawo uja wayambanso."

Khasu la Jailosi linaima.

"Pitirizani, mayi," ndinatero.

"Ndiye ine mtima unandipsa, ndinatola chibuma n'kugenda. Chinafika pamsana penipeni, phi! Munthu osatembenuka. Ndinati ha, koma lero. Ndapita pafupi, ndapeza ndi mtengo! Mtengo wopingasa, auveka malaya ndi chipewa ngati zoopsezera mbalame zija. Ine m'mawa wonse ndakhala ndikukangana ndi mtengo! Mwini wake wabwera cha m'ma naini, thukuta lili kamukamu, wavula malaya akuda, wavala ofiirawa. Akuganiza kuti sindinamuone chifukwa ndinawerama kutseka mgula."

Ndinayang'ana munda wa Jailosi bwinobwino, chimene ndikanayenera kuchita pofika pomwe. Minda ya anzake inali yodzadza mpaka m'mbali. Wake madzi anali atangofika pakati, kumunsi konse nthaka ili ming'alu. Munda umene wamwa madzi kuyambira sikisi suoneka choncho. Mtengo wopingasa uja unali utagonekedwa m'udzu, kunsonga kwake kuli dothi lofewa.

Austin anamuveka unyolo. Jailosi sanalimbane. Kumwetulira kokha n'kumene kunachoka.

"Ali kuti?" ndinamufunsa.

"Mufuneni. Si ntchito yanu?"

"Jailosi, muli mwana wako m'mimba muja."

Anakweza mutu n'kuyang'ana dzuwa, limene linali litatsala pang'ono kufika pamutu, kenako anayang'ana ine.

"Lero kwatentha, bwana Sajeni," anatero mofatsa.

Munthu uja sankanena za nyengo.

* * *

"Njinga yake yakapalasa ili kuti?" ndinafunsa.

Chipiliro analoza m'mabango. Ndinaikoka. Matayala anali ndi fumbi wamba, losandiuza kanthu. Pakaliyala panalibe chingwe cha mphira chimene mlimi aliyense amamangira katundu. Malaya akuda anali atapindidwa pansi pa chishalo, ndipo nditawatambasula ndinaona tinthu toyera titamatirira kumsana ndi m'manja mwake. Tina tinali titakola m'tcheni cha njinga. Ndinatola kamodzi n'kukafikisa pa zala.

"Thonje," anatero Austin. "Koma kuno minda ya thonje ndi yambirimbiri."

"La m'munda limakhala loyera. Ili ndi lakuda ndi fumbi, lakalekale. A Gidiyoni!"

Mkuluyo anali ataima poteropo, jekete lanyowa ndi thukuta. Anayang'ana kathonje kaja nthawi yaitali.

"Kuli shedi," anatero. "Shedi yakale imene ankagulirako thonje, kuseri kwa njanji, njira yopita kuphiri. Inatsekedwa kalekale. Eni ake anaikako mlonda woti anthu asabe malata."

"Mlondayo ndani?"

"A Alufeyo."

"Shediyo ndi ya njerwa?"

"Malata okhaokha. Denga ndi makoma omwe. Ilibe windo."

Sindikumbuka mmene ndinafikira panjinga. Ndikukumbuka kuti a Gidiyoni ulendo uno anakwera osauzidwa.

* * *

Njira yake inali ya mchenga ndi zitsa. Kawiri konse tinatsala pang'ono kugwa. Ndili pa liwiro lomwelo ndinaimbira amayi Jenifa kuti atumize galimoto ya bungwe ndi madzi, ndipo atayamba kulira kuti ndi iwo alakwa ndinawadula. Kulira tidzalira pambuyo.

Shediyo inaoneka patali, ikunyezimira pakati pa tchire louma. Panalibe mlonda, panalibe galu, panalibe mtengo wa mthunzi. Pachitseko panali loko watsopano. Nditagunda lata ndi chikhato ndinachotsa msanga, linkaotcha ngati chiwaya.

"Rozina! Ndine Sajeni Chimphepo! Rozina!"

Kunali zii.

"Rozina, mwana wa mlongo wanga!" anaitana a Gidiyoni, mawu atasweka.

Zii.

Ndinatola mwala n'kuyamba kumenya loko. Unandipulumuka. A Gidiyoni anavula jekete lija n'kuliponya m'fumbi, ananyamula chimwala chimene sindikanakhulupirira kuti angachidzutse, n'kuyamba kuphwanya. Kachitatu zala zawo zinatuluka magazi. Sanasiye. Kachisanu ndi chiwiri chokolekera loko chinazuka ndi misomali yake.

Mpweya umene unatuluka m'menemo unali ngati wa mu uvuni wa njerwa. Rozina anali atagona chammbali pafupi ndi chitseko, mphuno ataigunditsa pa kampata ka pansi pamene pankalowa kamphepo. Dzanja lake labwino linali litamangidwa ku nsanamira ndi chingwe cha mphira, ndipo anali atalikoka mpaka chingwe chinalowa m'mnofu. Milomo inali yosweka. Sankatulukanso thukuta, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Tinamumasula n'kumunyamulira kunja, kumbali imene shedi inkaponya kamthunzi. Ndinagwira pakhosi pake. Poyamba sindinamve kanthu, zala zanga zomwe zinkagunda. Kenako ndinamva, kofooka, kothamanga.

"Ali moyo. Bweretsani botolo lili panjingapo."

Ndinanyowetsa mpango wake n'kumupukuta kumaso ndi m'khosi, ndikudonthezera madzi pamilomo pang'onopang'ono. A Gidiyoni ankamukupizira mphepo ndi jekete, akunong'ona mapemphero osamveka mutu wake. Panapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako anameza. Zikope zinagwedera, maso anatseguka, anandiyang'ana osandizindikira.

"Rozina, ndine Sajeni. Watuluka. Jailosi tamumanga."

Milomo yake inayenda. Ndinaweramira pafupi.

"Aikidwa kale?"

"Ndani?"

"Amayi. Ndachedwa?"

Zaka zisanu ndi zinayi ndili pa ntchito imeneyi sindinalirepo pamaso pa munthu. Tsiku limenelo misozi inangotsika yokha. Maola onse aja m'ng'anjo muja, mkazi uyu sankalira moyo wake. Ankawerenga nthawi, kuti pano akusambitsa, pano anyamula, pano akukwirira, iye kulibe.

"Amayi ako ali moyo, Rozina. Ndawapeza m'mawa uno akupeta mtedza. Linali bodza."

Anapukusa mutu. Ankaganiza kuti ndikumunyengerera monga timachitira ndi odwala.

A Gidiyoni anatulutsa foni yawo ndi zala zamagazi zija, anaimbira akazi awo, n'kuwauza kuti athamangire kwa a Nangozo. Ndinaika foniyo pakhutu pa Rozina. Mawu a mayi ake ankamveka mpaka pamene ndinagwada.

"Rozina! Iwe Rozina! Ukundimva? Ine ndingafe osakuuza? Wamwa madzi? Ndati wamwa madzi?"

Rozina anangogwira foniyo ndi dzanja lotupa lija, thupi lonse likugwedezeka, kulira kopanda misozi chifukwa m'thupi munalibe madzi. Kenako anasiya mwadzidzidzi n'kuika dzanja pamimba.

"Mwana wagunda," anatero.

Patali tinamva kulira kwa galimoto. Rozina anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso ake anapeza amalume ake.

"Amalume, geti lija anawauza ndinu?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti mwambi unali utafika kale palilime. Anaumeza.

"Ndine, mwana wanga."

"Mawa mukanene zimenezo. Musakapite ngati nkhoswe. Mukanene zimene mwaona muno."

"Ndikanena."

Anatseka maso, ndipo ndinaganiza kuti wakomokanso. Koma anandigwira malaya.

"Sajeni, khoti ndi nthawi yanji?"

"Naini koloko. Koma iwe ukupita kuchipatala kaye. Adokotala akakana, tikapempha tsiku lina."

"Ayi. Mawa lomwelo. Munthu uja anapha amayi anga ndi pakamwa kuti andipeze." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Mudzanditenge seveni, ngakhale ndi diripi. Ndikufuna polowa adzandipeze nditakhala kale."